Za makolo zenizeni n'ziti? Miyeso imene a Heathen amayezera mwambo wawo

Chipembedzo cha Heathenry, chimene ambiri amachidziwa ndi dzina la Ásatrú, n'cha anthu a masiku ano amene abwerera kukapembedza milungu yakale ya kumpoto kwa Ulaya: Odin, Thor, Freyja, Freyr, Frigg ndi ina. Ku Iceland bungwe lawo la Ásatrúarfélagið linayamba mu 1972 motsogozedwa ndi mlimi wina amene analinso mlakatuli, Sveinbjörn Beinteinsson, ndipo boma linalivomereza mu 1973. M'zaka zomwezo magulu ena anaphuka ku England ndi ku America, kenako ku Sweden, Norway ndi Denmark. Onsewa ali ndi vuto limodzi. Pakati pa wansembe womaliza wa Thor ndi wansembe woyamba wa masiku ano padutsa zaka mazanamazana, ndipo palibe agogo amene anasiyira mdzukulu mapemphero. Wolowa gule wamkulu amakaphunzira kudambwe, kwa anthu amene nawonso anaphunzira kwa ena. Wa Heathen amakaphunzira mulaibulale. Eni ake amaseka n'kumati chawo ndi chipembedzo chokhala ndi homuweki.

Homuwekiyo ndi imene imabala mikangano. Pa mwambo wa sumbel, nyanga ya mowa wa uchi ikamazungulira aliyense n'kumalankhula pa nthawi yake, wina akangoti Freyja amakonda zakutizakuti, mwambo ukatha sipalephera womukokera pambali n'kumufunsa kuti, "Kodi zija munaziwerenga pati?" Nkhani, ndakatulo ndi miyambo yonse imene amaiona kuti inachokeradi kwa makolo amaitchula kuti Lore, koma malire ake aliyense amadula pakepake. Miyeso ili m'munsiyi ndi imene imamveka kwambiri pakati pawo. Siyolemera mofanana, ndipo sindinamizira kuti ndimaikonda mofanana.

Zolembedwa za ku Iceland zokha

Watsopano aliyense amayambira pamenepa, ndipo ena amakalambira pomwepo. Muyeso uwu umati za makolo ndi zimene zili mu Edda ziwiri, mabuku akale a ku Iceland osimba za milungu, ndi m'masaga, nkhani zazitali zija za mabanja ndi mafumu. Edda ya ndakatulo imadalira kwambiri buku limodzi la zikopa, Codex Regius, lolembedwa cha m'ma 1270. Latsala ndi masamba 45, ndipo masamba 8 a pakati anasowa kalekale. Linafika m'manja mwa Bishopu Brynjólfur Sveinsson mu 1643, linapita kwa mfumu ya Denmark mu 1662, n'kudzabwerera kwawo pa sitima yapamadzi mu 1971. Hávamál, ndakatulo ya malangizo a Odin imene a Heathen amaitchula pafupifupi pa msonkhano uliwonse, yathunthu inapulumukira m'buku lokhali. Likanadyedwa ndi mbewa bishopuyo asanalione, bwenzi lero akusowa chotchula.

Ubwino wa muyesowu ndi woti aliyense angatsegule buku n'kudzionera yekha. Kuipa kwake kuli pa amene anagwira cholembera. Iceland inalandira Chikhristu pa msonkhano wa Althing mu 999 kapena 1000. Snorri Sturluson analemba Edda inayo cha m'ma 1220, patapita zaka 220, ndipo cholinga chake chinali kuphunzitsa alakatuli achinyamata kumvetsa zining'a za ndakatulo zakale, osati kuphunzitsa munthu kupemphera. Mawu ake oyamba amati milunguyo inali anthu ochokera ku Troy amene anasamukira kumpoto n'kuyamba kupembedzedwa. Snorri anali wokonda dongosolo: pamene nkhani zakale zikusemphana, iye amazisalaza kuti zikhale nkhani imodzi yokoma.

Onani imfa ya Baldr. Kwa Snorri, Baldr ndi mulungu wokondedwa ndi zolengedwa zonse, ndipo amafa Loki, mulungu wachinyengo, atapatsa Höðr wakhungu kamtengo ka mistletoe, kachomera komera pa mitengo ina, n'kumulozera poponya. Saxo Grammaticus wa ku Denmark, amene analemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, akusimba zina: Höðr wake ndi mwana wa mfumu woona bwinobwino, akulimbirana ndi Baldr mkazi dzina lake Nanna, mapeto ake n'kumubaya ndi lupanga. Loki mulibemo n'komwe pa imfayo. Onse awiri anali Akhristu ophunzira, onse awiri anali ndi nkhani zakale m'makutu. Wonena kuti za Snorri ndiye zenizeni wangosankha wosimba wotsekemera pakamwa.

Pa nsembe, imene amaitcha blót, vutoli limakula. Pamene yafotokozedwa mwatsatanetsatane ndi mu Heimskringla, buku la Snorri la mafumu a ku Norway, pa mbiri ya Mfumu Hákon Wabwino. Alimi amabwera kukachisi ndi chakudya chawo, amapha ziweto ngakhalenso akavalo, magazi amawakhetsera m'mbale, amaviikamo timitengo n'kupaka maguwa ndi makoma, mkati ndi kunja, kenako kuwaza anthu. Nyama ikuwira m'miphika pa moto wa pakati pa nyumba. Chikho choyamba n'cha Odin, kupempha chipambano; chotsatira n'cha Njörðr ndi Freyr, kupempha zokolola ndi mtendere; kenako cha abale amene anatsogola. Magulu ambiri lero amatsata ndondomeko yomweyi, kungoti m'malo mwa magazi amaviika kanthambi kamasamba m'mbale ya mowa wa uchi. Komatu Snorri analemba izi patapita zaka pafupifupi 300, ndipo iye mwini akuti timitengoto tinali ngati towazira madzi odalitsidwa m'tchalitchi. Akatswiri ena anaonanso kuti chithunzichi chikufanana zedi ndi Mose akuwaza magazi pa guwa ndi pa anthu mu Eksodo 24. Mwina makolo ankawazadi, mwina Snorri anadzaza mpata ndi zimene ankaziona Lamulungu lililonse.

Mkati mwa muyeso womwewu muli kagawo kolimba kuposa kena konse: ndakatulo za alakatuli a m'nyumba za mafumu, otchedwa skald. Kayalidwe ka mawu ake n'kothina moti wokopera sakanasintha liwu mosavuta popanda kuthyola mzere, ndipo zina zinapekedwa milunguyo ikupembedzedwabe. Cha m'ma 1019 mlakatuli wachikhristu Sigvatr Þórðarson anayenda ulendo wa ku Sweden, n'kudandaula mu ndakatulo kuti anamukaniza pogona khomo ndi khomo. Mayi wina anamubweza pakhomo, ati akuopa mkwiyo wa Odin, m'nyumbamo muli nsembe ya mizimu yotchedwa álfar. Ndi mizere yochepa chabe, koma ndi ya munthu amene anaimadi pakhomopo usiku umenewo.

Kulola mboni za alendo

Muyeso wachiwiri umatsegulira chitseko anthu amene anaonera kapena kumvera panja. Wamkulu wa onse ndi Tacitus wa ku Roma, amene analemba za mitundu ya Germania cha m'ma 98. Iye ndiye amatiuza za mulungu wamkazi Nerthus woyendetsedwa pa ngolo, ndi za kuombeza: ankadula nthambi ya mtengo wobala zipatso n'kuiduladula, kulemba zizindikiro pa tizidutswato, kutimwaza pa nsalu yoyera, kenako kutola titatu. Oombeza masiku ano ndi rune, zilembo zakale za kumpoto kwa Ulaya, amathamangira ndime imeneyi, ngakhale Tacitus sananene kuti zizindikirozo zinali rune. Palibenso umboni woti anapondako kumeneko, ndipo pakati pa iye ndi Snorri pali zaka zoposa 1,100. Kuphatikiza awiriwa kuti atulutse chipembedzo chimodzi n'kukakamiza.

Adam wa ku Bremen, cha m'ma 1075, anafotokoza kachisi wa ku Uppsala wokutidwa ndi golide, Thor ali pakati, Odin ndi Freyr m'mbali, ndi nsembe ya zaka 9 zilizonse pamene anthu, agalu ndi akavalo ankapachikidwa m'mitengo. Anali munthu wa tchalitchi imene inkalimbana ndi chipembedzocho, ndipo zonsezi anachita kumva. Ofukula pansi ku Gamla Uppsala apeza nyumba zikuluzikulu za mafumu, koma kachisi wa golide uja sanamupeze.

Amene ine ndimamukhulupirira kwambiri ndi Ahmad ibn Fadlan, nthumwi yochokera ku Baghdad imene inakumana ndi amalonda a Rus, amene ambiri amati anachokera ku Scandinavia, pa mtsinje wa Volga mu 922, chifukwa anaona ndi maso ake. Wamalonda akafika padoko ankapita kwa chipika chachitali chosemedwa nkhope ya munthu, atanyamula buledi, nyama, anyezi, mkaka ndi mowa. Ankachiwerengera katundu amene wabwera naye, n'kupempha kuti chimupezere wogula wa ndalama zambiri amene sanenerera mtengo. Malonda akavuta ankabwereranso ndi mphatso ina. Pemphero lotere mu Edda simungalipeze, pamene ndi limene munthu wamba ankapemphera. Chenjezo n'loti Ibn Fadlan ankamvera kwa womasulira, ndipo a Rus a kumeneko anali atasakanizika ndi mitundu ina.

Otsatira mwambo wa Anglo-Saxon, anthu akale a ku England, alibe kuchitira mwina, ayenera kudalira muyeso uwu poti Edda yawoyawo alibe. Mulungu wamkazi Eostre amadziwika kuchokera m'mizere yowerengeka ya mmonke Bede, ya mu 725. Jacob Grimm mu 1835 ndiye anati ku Germany kuyenera kuti kunali mnzake wotchedwa Ostara. Akalulu ndi mazira amene amamupatsa lero, Bede sanawatchule.

Za m'nthaka ndi maina a malo

Apa ndiye pali umboni umene mmonke sanaukonze. Ku Altuna, ku Sweden, kuli mwala wa m'zaka za m'ma 1000 wojambulidwa Thor akuwedza chinjoka cha m'nyanja, phazi lake litaboola pansi pa bwato. Ndakatulo ya Hymiskviða, yosimba usodzi womwewu, sinena za phazilo. Snorri ndiye amanena. Mwalawo unasemedwa Snorri asanabadwe, kutali ndi kwawo, ndiye kuti pamenepa sanapeke. Nthaka imatha kumutsutsa, imathanso kumuikira kumbuyo.

Mu 2020 ku Vindelev, pafupi ndi Jelling ku Denmark, kunapezeka chuma cha golide, ndipo mu 2023 akatswiri anawerenga pa kamendulo kena mawu onena kuti mwini wake ndi munthu wa Odin. Kamenduloko n'ka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, ndipo ndi pamene dzina la Odin linalembedwa kale kwambiri pa zonse zimene zapezeka. Ku Købelev, pa chilumba cha Lolland, mu 2014 kunatoledwa kanyundo kovala m'khosi kolembedwa kuti ndi nyundo, n'kuthetsa mkangano wa amene ankati tizinthu totere timaimira zina. Pansi pa tchalitchi cha ku Frösön, mu 1984, anapeza chitsa cha mtengo chitazunguliridwa ndi mafupa a zimbalangondo ndi nyama zina, umboni woti nkhani ya Adam yopachika nsembe m'mitengo siinali yongopeka yonse.

Maina a malo ndiye amasokoneza chithunzi cha Snorri kotheratu. Ullr m'nkhani zolembedwa ndi mulungu wa m'mbali, wotchulidwa apa ndi apo, koma maina a malo okhala ndi dzina lake ndi ambiri ku Sweden ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Norway. Pa malo ena otchedwa Lilla Ullevi, pafupi ndi Stockholm, ofukula mu 2007 anapeza mphete zachitsulo zoposa 60, ndipo ndakatulo ya Atlakviða imatchula lumbiro la pa mphete ya Ullr. Týr amapezeka kwambiri m'maina a ku Denmark. Ku Iceland, kumene ndakatulo za Odin zinasungidwa, maina a anthu ndi a malo amadzaza ndi Thor. Tanthauzo lake n'loti kunalibe chipembedzo chimodzi chokhala ndi mndandanda umodzi wa milungu. Chigwa chilichonse chinali ndi wake womudalira.

Vuto la muyesowu ndi loti fupa silinena pemphero. Zigaza za ng'ombe zimene anapeza ku Hofstaðir, kumpoto kwa Iceland, zimaonetsa kuti ng'ombezo zinadulidwa mitu ndipo mituyo inakhala panja nthawi yaitali. Sizinena kuti ankapatsa ndani, kapena ankati chiyani popereka. Wodalira nthaka yokha adziwa zambiri, koma pa tsiku la mwambo adzaima kukamwa kuli gwa.

Nthano za kumudzi

Magulu a ku Scandinavia, amene ambiri amadzitcha Forn Sed kapena Forn Siðr, kutanthauza mwambo wakale, amakonda kunena kuti mwambo sunafe wonse, unangobisala m'khola ndi kukhitchini. Usiku wa Khirisimasi alimi ankaikira tomte kapena nisse, kamzimu kosamala pakhomo, mbale ya phala ya batala pamwamba. Nthano yodziwika imati tsiku lina batala anaikidwa pansi pa phala, kamzimuko kanapsa mtima n'kupha ng'ombe yabwino koposa, kenako podya kanapeza batalayo pansi n'kuthamanga kukaba ng'ombe ina kwa oyandikana nawo kuti kabwezere. Nkhani zotere anazisonkhanitsa anthu ngati Jón Árnason ku Iceland, m'mabuku ake a 1862 mpaka 1864.

Pali ulusi wina umene umaonekadi kuti sunaduke. Mawu ochizira a ku Merseburg, olembedwa m'zaka za m'ma 900, amasimba Wodan akuchiza mwendo wa kavalo, fupa ku fupa, magazi ku magazi. Mawu ofanana nawo anapezeka m'midzi ya ku Scandinavia ndi ku Scotland patapita zaka mazana ambiri, kawirikawiri wokwera kavaloyo atasanduka Yesu, koma ku Sweden ena ankatchulabe Oden.

Muyesowu umafika pokoma pa nkhani ya Loki. Wa Edda yokha amati Loki ndi mdani wa milungu, palibe umboni woti ankapembedzedwa, ndiye asamutchule pa nyanga. Koma ku zilumba za Faroe kuli nyimbo yakale yovinira, Loka Táttur, yolembedwa m'zaka za m'ma 1800. Mlimi waluza mpikisano kwa chimphona ndipo ayenera kupereka mwana wake. Aitana Odin, amene abisa mwanayo ngati kanjere m'ngala ya barele, chimphona n'kutsala pang'ono kumupeza. Aitana Hœnir, amubisa ngati nthenga pa mbalame ya m'madzi, chimodzimodzinso. Loki yekha ndiye amubisa ngati dzira m'mimba mwa nsomba, kenako n'kutchera chimphonacho msampha n'kuchipha. Apa Loki ndi bwenzi la mlimi. Kodi nyimboyi ndi ya makolo? Ndi yakale, koma inadutsa m'kamwa mwa Akhristu kwa zaka mazana ambiri, ndipo palibe angalekanitse bwinobwino chakale ndi chowonjezera. Bungwe la The Troth ku America, limene linayamba mu 1987, linakhala zaka likuletsa kutamanda Loki pa miyambo yake, n'kudzachotsa chiletsocho mu 2019.

Mabuku a akatswiri

Uwu sindikhalitsapo. Ena amawerengera mabuku a akatswiri ngati gawo la za makolo, makamaka la Vilhelm Grønbech wa ku Denmark, lotuluka pakati pa 1909 ndi 1912 ndipo m'Chingerezi mu 1931. Zambiri zimene a Heathen a ku America amanena za frith, mtendere wa pachibale, ndi za mwayi wa banja, zinachokera mmenemo. Otsatira Theodism, gulu limene Garman Lord anayambitsa ku New York mu 1976, anamanga dongosolo lonse la mfumu yopatulika ndi malumbiro pa maziko otere. Katswiri ndi wofunika, amakuuzani zaka za buku ndi amene analikopera. Koma maganizo ake amakalamba, ndipo akatswiri a lero akutsutsa zambiri zimene a 1930 ankaziona ngati zotsimikizika.

Zimene munthu waululiridwa yekha

A Heathen ali ndi chidule cha zimenezi, UPG, kutanthauza chidziwitso cha munthu payekha chimene sichinatsimikizidwe ndi zolembedwa: maloto, masomphenya, kapena kungomva mumtima popemphera. Anthu angapo osadziwana akalandira zofanana amati ndi SPG, chidziwitso chogawana. Chitsanzo chotchuka ndi choti Freyja amakonda zipatso za sitiroberi. Palibe saga yonena zimenezo, koma ambiri amamupatsa.

Amene amanyoza UPG aziyamba awerenga Eiríks saga rauða. Ku Greenland kwagwa njala, ndipo aitana mlosi wamkazi Þorbjörg. Wosimba akufotokoza chilichonse: chofunda chake chokongoletsedwa ndi miyala, chipewa cha chikopa cha mwana wa nkhosa chokhala ndi ubweya wa mphaka woyera mkati, magolovesi a chikopa cha mphaka, ndodo ya mutu wa mkuwa, mpando wautali wokhala ndi khushoni ya nthenga za nkhuku. Anamuphikira phala la mkaka wa mbuzi ndi mitima ya nyama zosiyanasiyana. Kuti ntchito iyambe pankafunika nyimbo yoitanira mizimu, ndipo yekhayo amene ankaidziwa anali Guðríðr, mtsikana wachikhristu amene poyamba anakana. Anaimba, ndipo wosimba akuti palibe anamvapo mawu okoma chotero. Mawu a nyimboyo sanalembe ngakhale limodzi.

Ndiye wofuna kuchita ulosi wotere, umene amautcha seiðr, lero atani? Diana Paxson ndi gulu lake la Hrafnar ku California, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anatenga mpando wautali ndi ndodo mu sagayo, nyimbo anapeka okha, njira yolowera m'masomphenya anabwereka ku maphunziro a Michael Harner, katswiri wa ku America wa miyambo ya asing'anga a mizimu. Sanabise zimenezo, ndipo kwa ine palibe cholakwika. Chipembedzo chamoyo sichingadikire kuti nyimbo yotayika ifukulidwe. Pamene UPG imaipira ndi pamene mwini maloto afuna kuti maloto ake alamulire gulu lonse, poti palibe buku lomutsutsira nalo.

Zatsopano zovala zakale

Uwu si muyeso umene wina angauvomere poyera, koma ndi umene ukulamulira pa intaneti ndi m'masitolo: chilichonse chooneka chachiviking n'cha makolo. Chizindikiro cha vegvísir, chimene anthu akudzidinda pakhungu n'kumati chinali kampasi ya ma Viking, anthu apanyanja akale a ku Scandinavia, chimapezeka m'buku la Huld lolembedwa ndi Geir Vigfússon mu 1860, zaka pafupifupi 800 nthawi ya ma Viking itatha, ndipo mtundu wake ndi wa mabuku amatsenga a ku Ulaya wachikhristu. Mwala wopanda chilembo umene umapezeka m'timatumba ta rune unatchuka ndi Ralph Blum mu 1982. Zilembo zakale zinali 24, za nthawi ya ma Viking 16, ndipo panalibe chopanda kanthu. Zilembo 18 za Guido von List, za mu 1908, iye mwini ankati anaululiridwa pamene anali wosaona atachitidwa opaleshoni ya maso. Mwambo wopatula malo pojambula nyundo m'malere kumbali zinayi unakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 potengera mwambo wa gulu lamatsenga la Golden Dawn. Pemphero lina lotchuka la pamaliro linachokera mu filimu ya mu 1999, imene inakongoletsa mawu a kapolo wamkazi wa mu nkhani ya Ibn Fadlan. Zikondwerero 8 za pachaka n'za Wicca, chipembedzo china chatsopano. Ynglinga saga imatchula nsembe zitatu, poyamba nyengo yozizira, pakati pake, ndi polowa chilimwe.

Makhalidwe 9 apamwamba, amene magulu ambiri amaphunzitsa ana, anasanjidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi anthu a Odinic Rite ku England. Si oipa: kulimba mtima, kuchereza alendo, khama ndi ena. Koma limodzi mwa iwo ndi kunena zoona, pamene Hávamál imalangiza poyera kuti munthu amene simumukhulupirira muzimulankhula mokoma mtima uli pena, bodza muzibwezera bodza.

Zina mwa izi n'zongoseketsa, koma china n'choopsa. Magulu amene amati chipembedzochi n'cha azungu okha, ngati Asatru Folk Assembly imene anayambitsa Stephen McNallen, amanena ngati kuti akutsata makolo. Ganizo loti chipembedzo chimayenda m'magazi a fuko ndi la m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900, la mzere womwe uja wa von List umene unabala chizindikiro cha asilikali a SS a Hitler. M'nkhani zakale mayi a Odin, Bestla, ndi mwana wa chimphona. Freyr anakwatira Gerðr, Njörðr anakwatira Skaði, onse a mtundu wa zimphona. Helgi Wowonda, mmodzi wa oyamba kukhala ku Iceland, ankakhulupirira Khristu koma akakhala panyanja ankaitana Thor. Mu 2016 magulu ambiri anasaina chikalata chodzudzula bungwe la McNallen, n'kuchitcha Declaration 127 potengera ndime ya Hávamál yonena kuti ukaona choipa uchitchule kuti n'choipa. Funso loti "munaziwerenga pati" apa linagwira ntchito yeniyeni.

Nanga musankhe uti?

Zitengera chimene mukufuna. Ngati mukufuna kudziwa zimene anthu akale ankachitadi, yambani ndi ndakatulo za skald, zofukulidwa ndi maina a malo, kenako Edda ya ndakatulo. Snorri ndi alendo aja muwamvere ngati mboni zimene zili ndi mbali. Ngati mukufuna chipembedzo choti mukwatitsire, kutcha mwana dzina ndi kuika maliro, zakalezo sizikukwanirani. Masaga amati mwana ankamuwaza madzi pomutcha dzina, koma mawu onena pamenepo sanawasunge. Muyenera kutapa ku nthano za kumudzi ndi ku zopeka zatsopano, ndipo ine sindiona manyazi pamenepo, bola chilichonse chizinenedwa ndi chaka chake: ichi n'cha 1270, ichi n'cha 1860, ichi tinapeka tokha chaka chatha.

A ku Iceland nkhaniyi siiwasowetsa tulo kwenikweni. Ndakatulozo amaziwerenga kusukulu m'chinenero chosasiyana kwambiri ndi chawo, nsembe ya nyama sachita, amakwatitsa ngakhale amuna kapena akazi okhaokha, ndipo Hilmar Örn Hilmarsson, amene anakhala mtsogoleri wawo mu 2003, ananenapo mu 2015 kuti nkhani za milunguzi amaziona ngati mafanizo a ndakatulo. Okangana kwambiri za ndime ndi mzere ndi a ku America, kumene ambiri anakulira m'matchalitchi ofunsa chaputala ndi vesi. Ndimaona ngati anasintha milungu koma chizolowezi chija anabwera nacho.

Patsala ndakatulo imodzi imene miyeso yonseyi imakanika kuiweruza, Hrafnagaldr Óðins. Imasimba mulungu wamkazi Iðunn atagwa kuchokera mu Yggdrasil, mtengo wochirikiza dziko lonse, milungu n'kutuma Heimdallr, Bragi ndi Loki kukamufunsa za m'tsogolo, iye osayankha kanthu koma kulira. Imapezeka m'mabuku a mapepala okha, a m'zaka za m'ma 1600 kupita m'tsogolo. Benjamin Thorpe anaiika mu Edda yake ya Chingerezi ya 1866. Chaka chotsatira Sophus Bugge anagamula kuti ndi yopekedwa mochedwa ndi munthu wophunzira, ndipo osindikiza ambiri anaitaya. Mu 2002 Jónas Kristjánsson anati mwina ndi ya m'zaka za m'ma 1300. Mu 2011 Annette Lassen anaibwezanso ku zaka za m'ma 1600. Wa Heathen amene anayambira pa buku la Thorpe, lopezeka mwaulere pa intaneti, amaiwerengera mu za makolo, pamene mnzake amene anagula Edda yosindikizidwa posachedwa mwina sanaimvepo n'komwe.